Atifufuza Kokwanira, Tsopano Tikawafufuze Nafenso

Kanakantapa si mudzi wa makolo. Malo ano anali nkhalango ya boma m'dziko la Asoli a Mfumu Yaikulu Nkomeshya, mpaka mu 1988 pamene boma la Kenneth Kaunda linayamba kugawa minda kwa achinyamata osowa ntchito a m'tauni, pa mfundo yake ija yoti anthu abwerere kumunda. Patangopita zaka zochepa, dziko la Japan linaikapo ndalama zake kuti malowa atukuke. Chakumadzulo kwathu, m'boma lomwe lino la Chongwe, kuli bwalo la ndege la Kenneth Kaunda International Airport. Chinyumba chake chatsopano, ntchito ya madola 360 miliyoni, chinamangidwa ndi kampani ya ku China pa ngongole yochokera ku China Exim Bank, n'kutsegulidwa mu 2021. Choncho munthu wa ku Kanakantapa, ngakhale sanapondepo mu ndege, zimene anthu amamanga m'maofesi a ku Tokyo ndi ku Beijing zimamufika pakhomo.

Alendowa asanatulutse ndalama zawo amayamba atumiza anthu kudzayeza nthaka, kuwerenga mabanja, kufunsa za mvula, za mafumu ndi za ndale zathu. Sakulakwa, ndalama saponya mumdima. Koma ifeyo tatumiza angati ku Tokyo kapena ku Beijing kuti akakhale zaka zinayi, aphunzire chiyankhulo, aziwerenga nyuzipepala za kumeneko, amvetse chimene boma lawo limayembekezera likamapereka thandizo kapena ngongole? Mfundo yanga ndi imodzi yokha. Dziko lino lafufuzidwa kwa zaka pafupifupi 90, ndipo ophunzira a kunja ambirimbiri atengera madigiri awo m'midzi mwathu. Nthawi yakwana yoti boma ndi mayunivesite athu atumize ana athu, ndi ndalama zathu, kukachita maphunziro apamwamba ofufuza ndale ndi chikhalidwe cha maiko amene amatikongoza, amene amagula migodi yathu, ndi amene tinachita nawo malire.

Kufufuzidwa kwathuku sikunayambe dzulo. Mu 1935 antchito a m'migodi ya Mufulira, Nkana ndi Roan Antelope ananyanyala ntchito pokwiya ndi kukwera kwa msonkho, ndipo ku Luanshya apolisi anawombera n'kupha anthu 6. Atsamunda anadzidzimuka. Anthu amene ankawayesa ongodziwa kukumba ndi kuvina anali atamemezana kuchoka mgodi uwu kupita mgodi uwo, mabwana osanunkhiza kanthu. Sitalaka imeneyo inapatsa mphamvu ganizo la bwanamkubwa Hubert Young lokhazikitsa malo ofufuzira moyo wa anthu akuda, ndipo mu 1937 Rhodes-Livingstone Institute inakhazikitsidwa ku Livingstone. Ndalama zoyendetsera ntchitoyo zinkachokera ku maboma a atsamunda ndi ku makampani, a migodi omwe. Anali ataona okha kuti kulamulira munthu wosamudziwa kumadula.

Kuchokera pamenepo dziko lathu linagawidwa ngati minda. Max Gluckman anakakhala pakati pa Alozi, kuphunzira mmene amaweruzira milandu. Elizabeth Colson anapita kwa Atonga. Victor Turner anakakhazikika kwa Andembu ku Mwinilunga, John Barnes kwa Angoni a ku Fort Jameson komwe lero ndi Chipata, ndipo Max Marwick analemba buku lonse pa nkhani za ufiti pakati pa Achewa a kummawa. Clyde Mitchell anakhala pansi ku Luanshya kuonerera gule wa kalela, n'kutulukamo ndi kabuku ka 1956 komwe ophunzira a ku Ulaya ndi ku America amawerengabe. Iwo asanabwere, Audrey Richards anali atawerengera kale zimene Ababemba amadya pa chaka chonse. Mu 1949 Gluckman anakatsegula dipatimenti yake pa yunivesite ya Manchester, ndipo dzina la dipatimentiyo linamveka dziko lonse chifukwa cha zimene anthu ake anatola kuno. Malo aja a ku Livingstone anasamukira ku Lusaka, n'kudzalowa m'manja mwa University of Zambia (UNZA), ndipo lero amatchedwa INESOR.

Nanga mzungu amene wangofika, chiyankhulo akuchita kupapasa, ankalowa bwanji m'nyumba za anthu? Ankalowa ndi miyendo ya anthu athu. Nyimbo za kalela anazitolera ndi Sykes Ndilila. Simon Katilungu, yemwe pambuyo pa ufulu anadzakhala kazembe wa Zambia ku London, anayenda m'makomboni a ku Luanshya kuthandiza A. L. Epstein. Zambiri zimene Turner anatchuka nazo pa miyambo ya Andembu anachita kuuzidwa ndi sing'anga wotchedwa Muchona. Lyn Schumaker analemba za othandiza oterewa m'buku lake la 2001, Africanizing Anthropology, ndipo anaonetsa kuti popanda iwo ntchitoyo sikanayenda. Abale athu a ku Malawi ali ndi chitsanzo chawo. Buku lofotokoza malamulo a Chichewa limene Mark Hanna Watkins anatulutsa mu 1937 linachokera pakamwa pa mnyamata amene ankaphunzira ku Chicago, dzina lake Hastings Kamuzu Banda. Nzeru zinali za kuno, koma madigiri ndi mipando ya upulofesa zinkakagwera tsidya lija.

Zimenezi zikuchitikabe, zangosintha chovala. Galimoto yoyera imaima pa sukulu kapena kwa atcheyamani a mudzi. Mumatsika mlendo wa chipewa chachikulu ndi mtsikana wa kwathu konkuno, wa digiri yake yabwinobwino, atanyamula tabuleti. Amapeza mayi akutongola chimanga pa mphasa. "Amayi, dzulo munadya kangati? Nkhuku muli nazo zingati? Chaka chatha munakolola matumba angati? Ndalama m'nyumba muno amasunga ndani, inu kapena abambo? Nanga akhansala anu mumawakhulupirira?" Mayi amayankha zonse mwaulemu, ngakhale zimene sangauze mlamu wake. Amadinda chala pa pepala la Chingerezi, amalandira sopo kapena paketi ya shuga. Pomaliza amafunsa funso lake limodzi: "Nanga mwanangu, zimenezi zikupita kuti?" Mtsikana amati, "Zikupita ku ofesi, amayi." Galimoto imadzutsa fumbi, basi. Patapita zaka zitatu mayankho aja asanduka digiri ya udokotala pa yunivesite ya kutali, m'magazini amene kuwerenga nkhani imodzi yokha pa intaneti umalipira ndi madola. Mtsikana uja, amene anamasulira funso lililonse ndi kuwongola zonse zimene mlendo sanamve, amathokozedwa pa mzere umodzi kumayambiriro kwa buku.

Wina asandimve molakwa. Sindikunena kuti ofufuza a kunja ndi adani. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo ena mwa alendowa anatimeta bwino ndithu. Damu la Kariba litasamutsa Atonga pafupifupi 57,000 kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Colson ndi mnzake Thayer Scudder anatsatira mabanja osamutsidwawo kwa zaka zoposa 50, n'kulemba njala, imfa ndi kusweka kwa mabanja zimene omanga damu sanafune kuziona. Colson anakalambira kuno, n'kumwalirira ku Monze mu 2016. Godfrey Wilson, mkulu woyamba wa Rhodes-Livingstone Institute, eni mgodi wa ku Broken Hill anamuletsa kupitiriza kafukufuku chifukwa ankacheza ndi antchito akuda ngati anzake. Anthu a ku yunivesite za ku Japan, monga Makoto Kakeya ndi Yuko Sugiyama, anakhala m'midzi ya ku Mpika kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo anasonyeza kuti ulimi wa chitemene uli ndi nzeru zake, si umbuli monga ankanenera alangizi ena. Ntchito zoterezi n'zofunika. Vuto n'lakuti msewu umenewu magalimoto ake amangobwera, opita kulibe.

Maiko amphamvu sawononga ndalama pa maphunziro amenewa chifukwa chokonda magule athu. Amadziwa phindu lake. Britain inakhazikitsa sukulu ya SOAS ku London mu 1916 kuti iziphunzitsa ziyankhulo ndi miyambo kwa anthu okalamulira maiko a eni. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma la America linalemba ntchito Ruth Benedict kuti alifotokozere mmene Mjapani amaganizira pa za ulemu, manyazi ndi mfumu yake, ndipo buku lake, The Chrysanthemum and the Sword, linatuluka mu 1946 asilikali a America ali kale mu Tokyo. Soviet Union itaponya Sputnik mumlengalenga mu 1957, America inakhazikitsa lamulo mu 1958 lopereka ndalama zophunzitsira ziyankhulo za kunja ndi kutsegula malo ofufuzira zigawo za dziko lapansi. Dzina la lamulolo linali la chitetezo cha dziko, osati la chikhalidwe.

China nayo inachita chimodzimodzi isanalemere. Mu 1961 Mao Zedong anavomera pamaso pa alendo ochokera ku Africa kuti dziko lake silinkadziwa bwino mbiri ndi moyo wa kontinenti ino, ndipo chaka chomwecho ku Beijing kunatsegulidwa malo ofufuzira za Asia ndi Africa. Nthawi imeneyo China inali pa njala yoopsa, komabe inayamba kuphunzitsa ana ake Chiswahili. Patangotha zaka 9, mu 1970, inayamba kumanga njanji ya TAZARA. Mu 2007 yunivesite ya Zhejiang Normal inatsegula sukulu yapadera ya maphunziro a za Africa, ndipo mu 2022 boma la China linakweza kafukufuku wa maiko ndi zigawo kukhala phunziro loima palokha, lotengerapo digiri yachiwiri ndi ya udokotala.

Chitsanzo chimene chiyenera kutigwira mtima kwambiri ndi cha Japan yemweyu amene anatithandiza kuno ku Kanakantapa. Mu 1871 Japan inali dziko la alimi, lomangidwa ndi mapangano oipa amene maiko a azungu analikakamiza kusaina. Boma latsopano linachita chinthu chimene ambiri akanachitcha misala: linanyamula nduna zake zikuluzikulu, motsogozedwa ndi Iwakura Tomomi, pamodzi ndi ophunzira ambiri kuphatikizapo atsikana 5, n'kuwatumiza ku America ndi ku Ulaya kwa zaka pafupifupi ziwiri. Sanakaone mafakitale okha. Analowa m'nyumba za malamulo, m'makhoti, m'masukulu, m'ndende ndi m'matchalitchi, kufuna kumvetsa chimene chimayendetsa mzungu. Atabwerera, mlembi wawo Kume Kunitake anasindikiza zonse m'mabuku 5 mu 1878 kuti anthu wamba aziwerenga. Pomatha zaka 40, mapangano oipa aja anali atafafanizidwa. Dziko losauka linayamba ndi kuphunzira anthu amene ankalipondereza.

Tsopano tiyeni tiwerengere zimene kusadziwa anzathu kwatidyera. Pamene migodi ya boma ya ZCCM inkagulitsidwa, ntchito yomwe inatha mu 2000, alangizi akuluakulu a boma lathu anali a ku London, a banki ya Rothschild ndi maloya a Clifford Chance. Mapangano amene anatuluka anali achinsinsi, ndipo ataululika anthu anapeza kuti makampani ena ankalipira msonkho wa miyala wa 0.6 peresenti yokha, wotetezedwa kwa zaka 15 mpaka 20. Mtengo wa mkuwa utakwera, phindu linatidutsa pamphuno. Mu 2004 kampani ya Vedanta inatenga Konkola Copper Mines, ndipo mu 2014 tonse tinaonera kanema wa mwini wake, Anil Agarwal, akudzitama kwa amalonda anzake ku India za kutchipa kwa mgodiwo ndi kuchuluka kwa ndalama zimene unkamubweretsera. Tinakwiya, koma mochedwa. Munthu amene anathera zaka akufufuza mmene makampani a mabanja a ku India amayendetsera ngongole ndi ndale akanatichenjeza tisanasaine.

Mu Novembala 2020 Zambia inalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni, n'kukhala dziko loyamba mu Africa kugwa ndi ngongole pa nthawi ya mliri wa Covid-19. Chaka chomwecho boma linalemba ntchito kampani ya Lazard ya ku France, pa mtengo wa madola 5 miliyoni, kuti itilangize. Mgwirizano wa ngongole ya madola 6.3 biliyoni ndi maboma otikongoza unadzafika mu Juni 2023, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo linali la China. Zaka zonsezo ufa ndi feteleza zinkakwera mtengo. China imeneyi si munthu mmodzi. Kuli China Exim Bank, kuli China Development Bank, kuli Sinosure, kuli unduna wa zachuma, ndipo pamwamba pa zonsezi pali chipani. Aliyense ali ndi malamulo ake ndi mantha ake, ndipo mkulu wa banki amene wakhululuka ngongole amakayankha mafunso kwawo. Zimenezi siziphunziridwa pa ulendo wa sabata imodzi wa nduna, wongoonetsedwa milatho ndi kudyetsedwa bwino.

Mndandanda sunathe. Mu 2024 gawo la 51 peresenti la mgodi wa Mopani linapita kwa International Resources Holding ya ku Abu Dhabi, pa ndalama zokwana madola 1.1 biliyoni. Kampaniyi ili m'gulu la makampani otsogoleredwa ndi Sheikh Tahnoon bin Zayed wa m'banja lachifumu. Kodi m'dziko limene banja lachifumu, boma ndi bizinesi zili m'dzanja limodzi, mkangano ukabuka mumadandaula kwa yani, ndipo mumalowera khomo liti? Mu Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linaphulika, madzi a asidi n'kulowa mu mtsinje wa Kafue, nsomba n'kufa, mzinda wa Kitwe n'kutsekeredwa madzi. Kampaniyi ndi nthambi ya kampani ya boma la China. Wofuna chipukuta misozi chenicheni ayenera kudziwa amene mabwana a kampani yotere amamuopa kwawo, ndi zimene zimawachititsa manyazi.

Mlimi aliyense wa tomato kuno amaidziwa nkhaniyi. Umafika ku Soweto Market ku Lusaka mbandakucha ndi mabokosi ako. Ejenti amene wakulandira akudziwa kuti galimoto wachita kubwereka, kuti tomato sangagone masiku awiri, kuti kunyumba ana akudikira ndalama. Iwe sukudziwa kuti wogula ndi ndani, akukagulitsa kuti, ndipo dzulo mtengo unathera pati. Mtengo amatchula ndi iyeyo. Umu ndi mmene timakhalira pa tebulo la zokambirana ndi maiko ena: iwo amadziwa tsiku la chisankho chathu, mikangano ya m'zipani zathu ndi kuya kwa dzenje la ngongole zathu, ife tikungodziwa dzina la pulezidenti wawo ndi mtundu wa mbendera.

Ndikudziwa zimene ena ayankhe. Ati ndife osauka, tikusowa madokotala, mainjiniya ndi aphunzitsi a sayansi. Za ndale za Aarabu ndi miyambo ya Atchaina n'zamanyado. N'zoona kuti chipatala chopanda dokotala ndi manda. Koma sindikupempha kuti titseke sukulu ya udokotala. Ndikunena za anthu ochepa, 20 pa chaka, osankhidwa bwino. Ndalama zophunzitsira gulu lotere kwa zaka 10 sizingafike n'komwe pa zimene tinataya ndi chiganizo chimodzi cha m'mapangano a migodi aja. Injiniya amamanga msewu, koma amene amasankha ngati msewuwo tiulipire kawiri kapena kamodzi ndi munthu wokhala pa tebulo la pangano.

Ena ati ana athu akupita kale kunja pa thandizo la China, Russia, India ndi Japan, ndipo pa UNZA pali Confucius Institute kuyambira 2010 yophunzitsa Chitchaina. Zonsezi n'zabwino, tizilandire ndi manja awiri. Koma wolipira fizi ndiye amasankha chophunzira. Palibe boma limene lingalipirire mwana wa eni kuti adzafufuze ziphuphu za m'makampani ake, mikangano ya m'chipani chake kapena mmene limaponderezera otsutsa. Confucius Institute ndi nkhope imene China inasankha kutionetsa, monga mmene Alliance Française ilili kwa France. Chiyankhulo tiphunzire kumeneko, koma mafunso ovuta ayenera kufunsidwa ndi munthu amene chakudya chake sichichokera kwa wofunsidwayo.

Palinso onena kuti masiku ano zonse zili pa intaneti, ndipo foni imamasulira chiyankhulo chilichonse. Foni imamasulira mawu. Siingakuuze kuti mnzako akati "tikaganizira" ndiye kuti wakana, kapena kuti amene wakhala chete kumapeto kwa tebulo ndiye mwini chigamulo. Komanso zambiri zimene timawerenga za China, za Aarabu kapena za Congo zinalembedwa ndi Angerezi ndi Aamerika, poyankha mafunso awo ndi mantha awo. Mtolankhani wa ku Washington amafunsa ngati China ilande ufumu wa dziko lapansi. Ife funso lathu ndi lina: kampani ya boma la China ikaononga mtsinje, imalipira motani kwawo? Funso limenelo palibe adzatifunsire. Nayo nkhawa yoti ophunzirawo sadzabwerera ili ndi mankhwala ake odziwika: pangano lodzagwira ntchito kuno zaka 5, ndi ntchito yeniyeni yowadikira. Luso lilipo. Dambisa Moyo, mwana wa ku Lusaka, analemba buku mu 2012 lofotokoza mmene China ikusakira miyala ndi minda padziko lonse, dziko n'kumumvera. Ochepa otere amene tili nawo ambiri amakagwirira ntchito eni, chifukwa kuno sitinawayalire mphasa.

Ndipo kunja sikutanthauza kutsidya kwa nyanja kokha. Zambia inazunguliridwa ndi maiko 8. Pa Kasumbalesa, malire athu ndi Congo, pamadutsa ufa, nkhuku, simenti ndi magalimoto a miyala usana ndi usiku, ndipo ku Lubumbashi kukangotentha madalaivala athu amagona pa mzere masiku ambiri. Ndale za Katanga zimatikhudza kuposa za ku London, koma ana athu a sekondale amadziwa mafumu a ku Ulaya kuposa atsogoleri a ku Congo. Tikukamba za njanji ya ku Lobito yodzera ku Angola ndi njira ya ku Nacala yodzera ku Chipata ndi Mchinji, koma maiko onse awiri a kunyanjako, Angola ndi Mozambique, amayendetsa boma m'Chipwitikizi. Ku Cabo Delgado, ku Mozambique, kwakhala nkhondo kuyambira 2017. Mnyamata wa ku Chadiza kapena ku Katete amene amamvana kale ndi Achewa a ku Tete, mukamuwonjezera Chipwitikizi ndi zaka zitatu za kafukufuku ku Maputo, mwapeza katswiri amene palibe yunivesite ya ku Ulaya ingamupange. Wa ku Chililabombwe wodziwa kale Chiswahili cha pa malire angosowa Chifalansa ndi mphunzitsi wabwino. Ulendo wake ndi wa basi, si wa ndege.

Anzathu a ku South Africa anayamba kale. Yunivesite ya Stellenbosch inatsegula malo ofufuzira za China mu 2004, ndipo ya Wits ku Johannesburg inatsegula malo ofufuzira za America mu 2018, kuti Mwafirika nayenso aike Mmerika pa sikelo. Ife tingayambe ndi zinthu zinayi. Choyamba, bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board lipatule malo chaka ndi chaka a digiri yachiwiri ndi ya udokotala pa ndale, malamulo, mbiri ndi chikhalidwe cha China, India, maiko a Aarabu, Japan, America, Ulaya ndi maiko oyandikana nawo, ndipo wophunzira aliyense ayambe ndi zaka ziwiri za chiyankhulo. Chachiwiri, mayunivesite a boma agawane ntchito: Copperbelt University itenge Congo ndi Angola, UNZA itenge Asia, Mulungushi itenge chigawo china, ndipo Chalimbana yathu ya kuno ku Chongwe, yomwe imasula aphunzitsi, ikonze oti adzaphunzitse ziyankhulozi m'masekondale.

Chachitatu, akatswiriwo akabwera agwiritsidwe ntchito. Mwambo wopereka ukazembe ngati mphotho kwa amene anavina bwino pa kampeni wationongera zambiri, ndipo boma lililonse limaudzudzula likakhala kotsutsa n'kuupitiriza likalowa. Ofesi ya kazembe ku Beijing, ku Kinshasa kapena ku Abu Dhabi ikhale ndi munthu wathu amene amawerenga nyuzipepala ya m'mawa popanda womasulira, ndipo nyumba ya malamulo isavomereze ngongole yaikulu isanamve kwa wodziwa dziko lokongozalo. Chachinayi, ofufuza a kunja apitirize kubwera, koma chilolezo chawo chikhale ndi mtengo. Asiye zimene apeza ku National Archives ndi m'malaibulale a mayunivesite athu. Abwerere ku mudzi umene anafunsa mafunso, akhale pansi ndi anthu, afotokoze m'Chinyanja kapena m'Chisoli zimene anapeza. Wothandiza amene wagwira ntchito ya ubongo dzina lake lilembedwe pachikuto. Ndipo yunivesite iliyonse yotumiza ophunzira ake kuno itsegule khomo loti wathu akafufuze kwawo, afunse mabanja a kumeneko mafunso omwe aja: mumadya kangati, ndalama amasunga ndani, akhansala anu mumawakhulupirira?

Akatswiri athuwo nawonso adzakhale ndi ngongole kwa ife. Zimene apeza asadzazitsekere m'Chingerezi chovuta cha m'magazini a kunja. Adzazilankhule pa wailesi, m'ziyankhulo zathu, kuti mlimi wogulitsa soya, mfumu yopemphedwa malo ndi wogulitsa m'shopu ya mlendo adziwe amene akuchita naye malonda. Mafumu athu ndi amene amakumana ndi oika chuma maso ndi maso, nthawi zambiri popanda wowalangiza, ndipo malo akapita sabwerera.

Kwa inu makolo, mwana akadzati akufuna kuphunzira Chiarabu, Chitchaina kapena ndale za Congo, musamufunse kuti adzadya chiyani. Amene amadziwa zimenezi ndi amene akudya migodi yathu lero. Kwa inu aphungu a nyumba ya malamulo, bajeti ya maphunziro ikadzafika, funsani nduna kuti ndi ana angati a dziko lino amene boma likuwalipirira kuti akafufuze maiko amene tili nawo ngongole. Ikadzayankha kuti ndalama palibe, muikumbutse madola 5 miliyoni amene tinapereka kwa alangizi a ku France, ndipo musavomereze bajetiyo mpaka mzere umenewu ulembedwemo.